Bowo la donasi ku Mangochi

Anthu akapita ku Mangochi amabwerako akusimba za chambo. Ine ndisimba za madonasi a m'kashopu kena kufupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, pomwe akabaza amapumira dzuwa likawawotcha pamsana.

Mayi wa pamenepo amakazinga mandasi ndi madonasi m'chiwaya chimodzi, ufa womwewo, mafuta omwewo. Kusiyana kwake n'kwakuti donasi ili ndi bowo pakati, amaiwaza shuga pamwamba, ndipo mtengo wake ndi wokwererapo. Ndiye kuti munthu umalipira ndalama zoonjezera chifukwa cha gawo lomwe palibe.

Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ufa wa tirigu ndi mafuta ophikira sizigulika, ndipo bowolo likungokulirakulira. La donasi yomwe anandipatsa ine, ukasuzumiramo umaona nsanja yonse ya wotchi ya Mfumukazi Victoria, kuyambira pansi mpaka pamwamba.

"Mayi, kodi bowoli silinanyanye kukula?" ndinafunsa.

"Ndi lolowera mphepo, bambo. Kuno kumatentha," anandiyankha osaseka n'komwe, uku akuingitsa ntchentche ndi chidutswa cha katoni.

Kunena zoona, donasiyo inali yokoma ndithu: yofewa mkati, yofiirira bwino kunja, shuga wake womata zala mpaka foni kukana kutseguka. Mnyamata wa kabaza amene ankandiperekeza ku depoti anadya zake pa bilu yanga, n'kupukuta pakamwa, kenako n'kundiuza kuti iyeyo kwenikweni amakonda zitumbuwa.