Nkhanga za m'kompyuta

Nkhanga zinapangana kusanapse, amatero akuluakulu. Mbalamezo zinkadziwa kuti tchire likayaka si nthawi yofunsana kothawira. Anzathu olemba mapulogalamu a kompyuta, mwambiwu amaukumbukira moto utafika kale m'nthenga.

Python, amene Guido van Rossum anamutulutsa mu 1991, ndi wokoma kulemba koma waulesi pa masamu olemera. Ntchito ikafika potulutsa thukuta amaitana C, mkulu wa mu 1972 wa ku Bell Labs, kapena gogo Fortran wa mu 1957, amene anthu akhala akumukonzera maliro zaka zambirimbiri koma iye akadawerengabe masamu m'kati mwa SciPy, laibulale ya masamu ya Python. Kuitanako n'kosavuta. Kumvana ndiye kumene kwagona nkhani.

Fortran amayamba kuwerenga pa 1, C pa 0. Mukawapatsa tebulo la manambala, C amaliyala chopingasa, Fortran chotsika. Aliyense akulondola kwawo, ndipo palibe amauza mnzake.

Koma nkhanga imene imapsa kawirikawiri ndi yodutsira pa ctypes, mlatho wa pakati pa Python ndi C. Mukaitana function ya C osanena chimene ibweze, Python amangodziyankha yekha kuti ndi int, nambala ya mabiti 32. Ngati C wabweza adiresi ya memory ya mabiti 64, theka lake limadulidwa mwakachetechete. Pulogalamu imakagogoda pakhomo polakwika, kompyuta n'kulavula mawu awiri okha, segmentation fault, basi. Kupepesa ayi, kutchula mzere wolakwika ayi. Chowawitsa mutu n'chakuti nthawi zina adiresiyo imakhala yaing'ono, zonse n'kuyenda bwinobwino pa kompyuta yanu, n'kukafera pa ya kasitomala. Mankhwala ake ndi kamzere kamodzi ka restype, kamene munthu anakaona ngati kotayitsa nthawi.

Ndiye pali mkangano wa amene atsuke mbale. Python amasesa yekha memory imene yatha ntchito, pomwe C amati wabwereka ndi malloc abweze yekha ndi free. Akamadikirana, memory imatha pang'onopang'ono mpaka seva kugwa pakati pa usiku. Onse akachita khama n'kubweza kawiri, zimaipa kuposa pamenepo.

Inu amene mukufuna Python alankhule ndi C sabata ino, tsegulani kaye fayilo ya header, mulembe argtypes ndi restype, mugwirizane amene aitane free. Kenako muitane function yanuyo.