Ulemu kwa Kadontho Koyera

Pa zithunzi zonse zimene zimadzaza mafoni athu, palibe chonyozeka ngati chithunzi cha mwezi chojambulidwa ndi munthu wamba. Mukuchidziwa. Mdima bii mbali zonse, pakati pake kadontho koyera mbee, ngati m'bulu wa panado wogwera pa bulangete lakuda. Mwini wake amachiponya pa gulu la WhatsApp mtima uli m'malo, kuti abale aone kukongola kwa mwezi, ndipo woyamba kuyankha amafunsa ngati limenelo ndi babu la pakhonde. Ine ndabwera kudzachiikira kumbuyo chithunzi chimenechi, ndipo manyazi ndawasiya kunyumba.

Choyamba, sichinama. Amanama ndi maso athu. Mukaima pamchenga ku Senga Bay madzulo, mwezi wathunthu ukuvuuka m'nyanja uli psuu, mumalumbira kuti lero wakula kuposa masiku onse. Sunakule. Anthu ophunzira akhala akukangana za chinyengo chimenechi kuyambira nthawi ya Aristotle, ndipo mpaka pano sanamvane chimodzi. Foni ilibe nthawi ya mikangano. Imadziwa kuti chinthu chotalika makilomita 3,474 m'mimba mwake, chikakhala pa mtunda wa makilomita 384,400, chimatenga theka chabe la digiri kumwambako. Tengani panado yemweyo, muwongole mkono, mutsinzine diso limodzi: mwezi wonse wabisika. Tsono diso la kamera ya foni analikonza kuti lizikwanitsa banja lonse pa chithunzi chimodzi, apongozi ndi ana a anansi omwe. M'chithunzi chotere mwezi mungaundandalike koposa ka 100 kuchoka kumanzere kufika kumanja. Foni ikakupatsani kadontho, yakupatsani muyeso weniweni, wosapapasa.

Pa za khungu m'pamene foni imaonetsa ulemu. Mwezi si woyera konse. Ndi thanthwe lotuwa, lodera, lobweza magawo pafupifupi 12 okha pa magawo 100 a kuwala kwa dzuwa kumene kumaugwera. Kumene tikukuonako dzuwa likuswa mtengo, ndi masana enieni. Koma foni ikaona mdima wazinga mbali zonse imaganiza kuti bwana akufuna kuona za usiku, choncho imatsegula diso nthawi yaitali, kuwala n'kusefukira, ndipo zipsera zonse za mwezi zimafafanizika. Maenje aja, zigwa zakuda zija zimene ena amaonamo kalulu, ena mayi wosenza nkhuni, zonse zii. Ndani wa ife sakanakonda wojambula wotere, wobisa makwinya osapemphedwa? Akale ankati mwezi uli ndi akazi awiri: Chekechani wa kum'mawa, woumira chakudya, amene amauondetsa, ndi Puikani wa kumadzulo, amene amaunenepetsa. Foni ili kumbali ya Puikani. Ngakhale mwezi utaonda n'kutsala kachizenga, pa chithunzi umatuluka wodzadza, wosalala, wodya bwino.

Ndipo tisaiwale mtima wopatsa wa amene amayatsa fulashi. Kuwala kumatenga sekondi imodzi ndi kachidutswa kuti kufike ku mwezi, koma iye sawerengera zimenezo. Waona mnzake ali mumdima, wamuunikira. Zoti chimene chaoneka ndi nthambi ya mango ndi waya woyanikapo zovala, imeneyo ndi mphatso yapamwamba.

Onyoza aja sadziwanso kuti kadonthoka n'kobadwira ku banja lachifumu. Louis Daguerre wa ku France, mmodzi mwa amene anayambitsa luso lojambula zithunzi, anayesa kujambula mwezi mu 1839, ndipo chimene anapeza chinali chibanga chachimbuuzi. Moto utatentha malo ake ogwirira ntchito chaka chomwecho, umboni unapsera momwemo. John William Draper anakwanitsa mu 1840 ku New York, atadikira mphindi 20 kuti chithunzi chimodzi chigwire. Mu Okutobala 1959, chombo cha Soviet Union chotchedwa Luna 3 chinazungulira n'kujambula mbali ya mwezi imene sitiiona tili pansi pano. Filimu inatsukidwira m'chombo momwemo, zithunzi n'kutumizidwa pa wailesi, ndipo zinafika zili mbuu, zodzaza mizeremizere. Dziko lonse linawomba m'manja. Boma lamphamvu linawononga chuma chosaneneka kuti lipeze chimene mlamu wanu amapeza ndi Itel yosweka galasi, ataima kuseri kwa bafa. Koma iyeyo mumamuseka.

Pali mafoni ena odzikuza amene amachita manyazi ndi kadontho. Mu Marichi 2023 munthu wina anatenga chithunzi cha mwezi, n'kuchichepetsa ndi kuchisokoneza dala mpaka chosaoneka kanthu, anachiika pa kompyuta, nazimitsa magetsi m'chipinda, n'kuchijambula ndi foni ya Samsung chapatali. Foniyo inatulutsa mwezi wa maenje ndi zigwa zoonekeratu bwino, zinthu zimene pa kompyutapo panalibe. Kampaniyo inafotokoza kuti foni ili ndi nzeru zopangidwa zimene zimazindikira mwezi n'kukometsa chithunzicho. Huawei inakumana ndi manong'onong'o a mtundu womwewo mu 2019. Chinyengochi chimatheka chifukwa mwezi umationetsa nkhope imodzimodzi chaka ndi chaka, ndiye makina akhoza kuiloweza pamtima. Kadontho kathu sikabwereka nkhope. Kamabisa, inde, koma sikawonjezera. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Nanga wojambulayo? Uyu ndiye ngwazi. Muoneni ataima pabwalo anzake atagona, zigongono atatsamiritsa pa mpanda, mpweya ataugwira. Zala ziwiri zikukankhana pa galasi la foni kuti aukokere mwezi pafupi, ndipo ukangokula pang'ono umayamba kudumphadumpha, kuthawira pakona, kusowa, kubweranso. Mtima wake womwe ukugwedeza chithunzi. Udzudzu wapeza akakolo, koma dzanja lowuphera palibe. Agalu a kwa aneba ayamba kuuwa, nsalu ya pawindo lina yasuntha, ndipo mawa pa mjigo padzakhala nkhani yoti bambo a uje amalankhula ndi mwezi pakati pa usiku. M'madera mwathu muno mbiri yotere si yopepuka kuisenza. Iye amangopirira, poti kuona maso a nkhono n'kudekha, n'kudina, n'kudinanso, zithunzi zonse zofanana ngati... ayi, zilibe chofanana nacho, n'zofanana zokhazokha.

Tsiku la chikondwerero cha anthu amenewa linali 27 Julayi 2018, pamene kadamsana anaphimba mwezi wonse kwa ola limodzi ndi mphindi 43, nthawi yaitali kuposa kadamsana wina aliyense wa mwezi m'zaka 100 zino. Africa inamuona bwino. Anthu anatuluka ndi majuzi m'chisanu cha Julayi, manja m'mwamba, ndipo mphotho yao inali yakuti usiku umenewo kadontho kanali kofiirira.

Ndiyenera kuchenjeza za aphunzitsi onyenga amene akufuna kuthetsa mwambowu. Adzakuuzani kuti mudine pa mwezi pomwepo, kenako mutsitse kadzuwa kamene kamaoneka pambali mpaka zigwa zitayamba kuoneka. Adzati muike foni pa chinthu chosagwedera, muitchere kuti ijambule yokha pakapita masekondi angapo. Adzati musiye mwezi wathunthu, chifukwa dzuwa limaumenya chamaso ndipo mithunzi imasowa. Mudikire uli theka, pamene m'malire a kuwala ndi mdima mapiri amaponya mithunzi yaitali ndipo dzenje lililonse limaima palokha. Ena adzakubwereketsani mabainokyula kuti mugunditse diso la foni pa galasi lake. A makamera akuluakulu ali ndi lamulo lao la katcheredwe ka kamera, la f/11. Choipa kwambiri n'chakuti zonsezi zimagwiradi ntchito. Mukawamvera, mudzapeza chithunzi chooneka bwino, ndipo abale adzakufunsani kuti mwachikopera kuti pa intaneti. Wa kadontho sanafunsidwepo funso lachipongwe ngati limenelo. Aliyense amavomereza nthawi yomweyo kuti anajambula yekha.

Ubwino wina ndi wa m'thumba. Chithunzi chakuda chokhachokha n'chopepuka, sichidya bandulo. Netiweki ikamakwawa, vidiyo ya kwaya itaima pakati, chithunzi cha mdzukulu chikungozungulira osatseguka, kadontho kamafika kumudzi koyamba, agogo n'kukayang'ana, n'kufunsa ngati foni yawonongeka.