Mmene mungakhalire dokotala wa khansa pamsika wa Bangula

Ngati thonje lakugwetsani mphwayi ndipo ganyu wa nzimbe ku Nchalo watha, musadandaule achimwene. Gulani chimkuzamawu, tolerani mabotolo, thiranimo madzi ofiirira. Basi, mwasanduka dokotala wa khansa. Malamulo ake ndi ochepa.

Loyamba, botolo limodzi lizichiza zonse: khansa, shuga, BP, nyamakazi ndi abambo ofooka kuchipinda. Apa ndi pamene mumawaposera akatswiri akunja. Iwo ali ndi mankhwala otchedwa antibody-drug conjugates, koma ndi osankha zedi. Kadcyla, amene anavomerezedwa ku America mu 2013, ndi Enhertu wa mu 2019, amagwira chotupa chokhala ndi puloteni yotchedwa HER2. Ndiye wodwala ayambe wadulidwa kamnofu, kapite ku labu, adikire zotsatira. Kutaya nthawi! Inu mumangomuyang'ana munthu m'maso n'kudziwiratu kuti pachitenje wamanga ndalama zingati.

Lachiwiri, muzikuwa kuti mankhwala anu "amasaka okha matenda m'thupi". Mawu amenewa amatsegula mipango. Koma wina akafunsa kuti amasaka bwanji, kwezani nyimbo. Mankhwala enieniwo ali ndi zigawo zitatu: antibody yodziwa chizindikiro cha selo la khansa, poizoni wamphamvu, ndi kachingwe komangirira ziwirizi. Zili ngati wakabaza amene wapatsidwa katundu woopsa, n'kuuzidwa khomo lenileni lokatula. Antibody ikamata paselo, selolo limameza zonse, poizoni amamasuka mkati n'kulipha. Paul Ehrlich wa ku Germany analota za mankhwala otere kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, koma oyamba, Mylotarg, anavomerezedwa mu 2000, anachotsedwa pamsika mu 2010, n'kubwereranso mu 2017. Anthu ophunzira kuchedwa chonchi! Inu anu munaphika dzulo madzulo mumgolo, m'mawa uno ali kale pamphasa.

Lachitatu, anu alibe vuto lililonse chifukwa "ndi achilengedwe". Ng'ona za mu Shire nazonso n'zachilengedwe, koma zimenezo musatchule. Asiyeni madokotala aziulula okha kuti Enhertu amatha kuwononga mapapo, kuti Tivdak, wa khansa ya khomo la chiberekero amene anavomerezedwa mu 2021, amavulaza maso, kuti amaperekedwa pa diripi masabata atatu alionse pamtengo wa madola masauzande. Chilungamo chotere sichigulitsa malonda.

Malamulo ena ndi achidule. Valani gauni yoyera ngakhale kutenthe chotani. Pepala la bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA akalifunsa, nenani kuti linapita ndi madzi a namondwe Freddy. Musakhalitse pamsika umodzi: lero Bangula, mawa Ngabu, mkuja Dyeratu, kuti achibale a wodwala asakupezeni.

Lomaliza, wodwala akapanda kuchira, vuto ndi lake. Sanamalize mabotolo, kapena wina kumudzi akumupondereza.

Pano ndiye nthabwala zimandithera. Mayi amene akutaya magazi osati nthawi yake akamwa madzi anuwo kwa miyezi, amakwera zitunda za Thabwa kupita ku chipatala cha Queens chotupa chitafalikira kale, mbuzi zonse zitagulitsidwa. Mwamubera nthawi imene opaleshoni ikanatheka. Malawi ali m'gulu la maiko amene khansa ya khomo la chiberekero imapha amayi kwambiri padziko lonse, ndipo inu mukudyerapo.

Amayi a ku Chikwawa ndi Nsanje, mankhwala osaka khansa aja alipodi, koma sali pamphasa ya pamsika. Zili pafupi nanu n'izi: kuyezetsa khomo la chiberekero ndi viniga kuchipatala cha boma n'kwaulere, katemera wa HPV woteteza atsikana ku khansayi anayamba m'dziko lonse mu 2019, ndipo ku Queens madokotala a bungwe la MSF anayamba kuthandiza odwala khansa imeneyi mu 2018. Chotupa cha m'bere kapena magazi osadziwika bwino, pitani nazo kwa anamwino sabata ino.