Olemekezeka, Mundilowetsereko Mnyamata ku Usilikali

Kwathu kuno phungu ndi wa ntchito zonse. Maliro akagwa, bokosi n'lake. Mjigo ukafa, ndi iyeyo. Choncho mwana wa achemwali atati akufuna usilikali, banja lonse linayang'ana ine, poti ndine ndimadziwika kuti ndili ndi dzanja labwino polemba.

Ndinathothola pepala la pakati pa kope la mwana. "Olemekezeka, choyamba ndifune kudziwa za moyo wanu, ine kuno ndili bwino." Kenako ndinalongosola kuti nkhondo ili m'magazi mwathu, chifukwa agogo anapita ku Burma ndi King's African Rifles mu 1944. Zoti kumeneko ankasenda mbatata kukhitchini ndinaona kuti zingotalikitsa kalata. Zoti mwini wakene, pa Operation Bwezani mu 1993, asilikali akulanda mfuti a Payoniya, ndinabindikira kunsi kwa bedi n'kusiya mayi a kunyumba akutseka mawindo okha, nazonso pepala linachepa. Pomaliza ndinawakumbutsa mwaulemu kuti pakhomo pathu pali mavoti.

Yankho linafika chimanga chitacha. "Bambo, kalata yanu ndalandira. Mkulu wa asilikali onse ndi Pulezidenti, ine ndilibe ngakhale mlonda wa mfuti. Mnyamatayo adikire chidziwitso, atenge satifiketi yake, akayezedwe m'thupi, akathamange ndi anzake." Ndinawerenga kawiri kufunafuna pamene abisa mawu akuti "ndiyesetsa", osapapeza. Phungu wosalonjeza n'komwe! Ndinalengeza pabawo kuti ameneyutu sabwereranso ku Nyumba ya Malamulo.

Mnyamata uja, wopanda ulemu, anangopita yekha, n'kuthamanga, n'kutengedwa. Anapita ku MAFCO ku Salima ali ndi masaya, anabwerako atauma ngati chiwamba, akudzuka tambala asanalire. Pamudzi ponse panamveka kuti yagwira ntchito ndi kalata ya malume. Ine sindinatsutse, kutsutsana ndi akuluakulu si khalidwe.

Chisangalalo sichinakhalitse. Achemwali anamva pawailesi kuti asilikali athu amatumizidwa ku DRC kukasungitsa mtendere, ndipo wina anawakumbutsa za 2018, pamene anyamata athu 6 anaphedwa kufupi ndi Beni. Apo panalibe choseka. Anafika m'mawa, chitenje chili m'khosi.

"Achimwene, munamulowetsa ndinu. Lembaninso."

Ndikanati chiyani, ulemu wonse uja nditaudya kale? Ndinathotholanso pepala. Ulendo uno za Burma sindinatchule. Ndinapempha kuti mnyamatayo amuike ku Cobbe Barracks ku Zomba, kufupi ndi mayi ake, makamaka ku gulu loimba malipenga, ndipo ngati kuli nkhondo azipita masana okha poti usiku amadwala chifuwa. Chifuwacho ndinamupatsa ndine.

Olemekezeka anayankha mizere iwiri: "Bambo, chaka chatha munati ndi mkango. Chachitika n'chiyani?"

Sindikudziwa kuti nkhaniyi inayenda bwanji, koma inakafika kubalakisi. Loweruka foni inalira.

"Malume, anzanga akunditchula kuti Wamasana. Chonde musalembenso."

Ndinamuuza kuti asadandaule, ndilembera Nduna ya Zachitetezo kuti anzakewo aleke kumuseka. Anadula foni.