Kodi Sewero Likafa Amaliika Kuti?

Anzanga, pali nkhani imene ndikufuna mundithandize, chifukwa ine kusukulu sanandiuze, ndipo ndikukayika ngati inuyo anakuuzani. Akuti ku London, ku New York, ngakhale ku Joni, sewero la nyimbo limene linaseweredwa kalekale n'kutha amatha kulidzutsanso. Amasonkhanitsa anyamata ndi atsikana atsopano, kusoketsa zovala zina, kugulitsa matikiti, basi sewero lauka. Ndiye pali anthu okonda zisudzo amene amathamangira kukaliona masiku oyambirira, ndipo asanafike n'komwe kunyumba amakhala atalemba kale pa Facebook kuti zakoma kapena zanyansa. Funso langa loyamba ndi laling'ono. Sewero likatha limapita kuti? Limafa? Ngati limafa, amaliika kuti? Ngati silifa, nanga anthuwa akudzutsa chiyani?

Pali chinanso chimene chinandizunguza mutu. Ku New York, sewero lalikulu lisanatsegulidwe limayamba laonetsedwa kwa masabata angapo. Amati akuyesa chabe. Koma pakhomo anthu amalipira ndithu, ndalama zenizeni. M'masiku amenewo mwini sewero amatha kuchotsa nyimbo, kufupikitsa gawo lina, ngakhale kusintha mathero. Akatswiri olemba m'nyuzipepala amakhala phee, satulutsa mawu mpaka tsiku lotsegulira litakwana. Anthu wamba sadikira, iwo pakamwa ndi pawo. Tsono sewero limene likuonetsedwa, anthu alipira, koma silinatsegulidwe, ndi lotseka kapena lotsegula? Amene anaona Lachiwiri n'kunena kuti nyimbo yachitatu ndi yogonetsa tulo, ndi mnzake amene anaona Lachisanu nyimboyo itachotsedwa, akamakangana akukangana za sewero limodzi? Nanga katswiri amene amadikira mpaka zolakwa zonse zitakonzedwa, ukatswiri wake ndi wa kuona kapena wa kudikira?

Musaganize kuti kubwereza kumeneku ndi nkhani yamanyazi kwa eni ake. Pa mphotho zawo zazikulu zotchedwa Tony, kuyambira 1994 pali mphotho yapadera ya sewero la nyimbo lobwerezedwa bwino koposa. Kwathu kuno mwana akabwereza kalasi, makolo amalankhula motsitsa mawu. Kumeneko wobwereza amamuombera m'manja. Sewero lina lotchedwa Chicago linayamba mu 1975, linakhala zaka ziwiri n'kutsekedwa. Analidzutsa mu 1996, ndipo lodzutsidwalo lapitirira zaka 25 likuseweredwa mumzinda womwewo. Ndiye lenileni ndi liti, la zaka ziwiri lija kapena ili losafali? Anthu a 1975 anali ogontha? Kapena sewerolo ndilo linafulumira kubadwa?

Tiyeni tibwere pa limene tonse timalidziwa, Sarafina. Mbongeni Ngema ndiye analilemba, nyimbo anapeka mothandizana ndi Hugh Masekela, ndipo linayamba kuonetsedwa ku Market Theatre mu Johannesburg mu 1987. Mu Januwale 1988 linatsegulidwa pa Broadway ku New York, komwe linaseweredwa ka 597 lisanatsekedwe mu Julayi 1989. Nkhani yake ndi ya ana a sukulu a ku Soweto amene mu Juni 1976 anakana kuphunzitsidwa m'chiyankhulo cha Mabunu, apolisi n'kuwaombera. Mtsikana amene anasewera Sarafina, Leleti Khumalo, anali ndi zaka 17 zokha. Mu 2017 sewerolo analidzutsa ku State Theatre mu Pretoria, ndipo Sarafina anali Noxolo Dlamini, amene mu 1987 anali asanabadwe. Ine pamenepo ndinakanda mutu. Sarafina ndi ndani kwenikweni? Ndi Leleti? Ngati ndi Leleti, ndiye kuti tsopano Sarafina ndi mayi wa zaka zoposa 50 amene akadali mu yunifolomu ya sukulu? Ngati si Leleti, bwanji mtima umakana ukaona nkhope ina?

Ndikunena za mtima chifukwa ndaziona kuno kwathu. Ana a sukulu akavala malaya oyera ndi zipewa zakuda n'kuyamba kuvina zija za Sarafina mu holo, sipadutsa nthawi, wina kumbuyo amanong'ona kale. "Aa, si mmene zinalili zoyamba." Mnzake n'kuvomera, "Mwanayu wayesa, koma sanafike." Ine ndimatembenuka kuti ndione anthu amwayi amene anali ku Market Theatre mu 1987. Ndimapeza ndi anzanga omwe aja a ku Kapata ndi ku Mchini, amene tinkapanikizana nawo pa benchi m'kanyumba ka vidiyo. Chimene tinaona ife ndi filimu ya 1992, ija muli Whoopi Goldberg ngati mphunzitsi ndi Miriam Makeba ngati mayi wake wa Sarafina. Pa siteji ya 1987 Whoopi Goldberg panalibe. Filimuyo inali kale kubwereza. Tsono tikamati "zoyamba" tikunena ziti? Tepi yathu ija yothothoka, imene inkatulutsa mizere pakati pa nyimbo? Kodi tikusowa sewero, kapena tikusowa mawondo athu a nthawi imeneyo?

Palinso ichi. Pamene sewerolo linkayamba, Nelson Mandela anali m'ndende, ndipo mtsikana wa m'seweromo ankalota tsiku limene adzatuluke. Oonerera nawonso ankalota naye, chifukwa panalibe ankadziwa ngati tsikulo lidzafika. Mandela anatuluka pa 11 Febuluwale 1990, ndipo mwezi womwewo anafika ku Lusaka kudzaonana ndi a Kaunda komanso anzake a ANC amene ankakhala kumeneko. Anakhala pulezidenti mu 1994, anamwalira mu 2013. Anthu a mu 2017 analowa mu holo akudziwa zonsezi. Mawu a nyimbo sanasinthe. Koma nyimbo yopempha chinthu chimene chinabwera kale, ikadali pemphero? Kapena yasanduka funso lakuti chinthu chija chinafika kwa ndani? Akatswiri amene amayerekeza sewero latsopano ndi lakale amayeza mawu a oyimba ndi magetsi a pa siteji. Nanga oonerera amene asintha, amawayeza ndi chiyani?

Ndikaganiza bwino, ife a ku Chipata sitiyenera kudabwa ndi zodzutsadzutsazi, pakuti chachikulu chinachitikira pakhomo pathu pomwe. Mu 1898 asilikali a azungu anagonjetsa Angoni a Mpezeni, mwana wake Nsingo anaphedwa, ndipo Nc'wala, mwambo wawo, inaletsedwa. Inadzukanso mu 1980, nthawi ya Mpezeni wachitatu. Werengani nokha, ndi zaka 82. Munthu amene anali ndi zaka khumi pa Nc'wala yomaliza ija, mu 1980 anali atapitirira zaka 90. Analipo angati otere? Ndani anakumbukira kuti nkhunzi yakuda imalasidwa motani, ndipo magazi ake amafika bwanji kwa Nkhosi ya Makhosi? Ndani ankadziwa kuti gulu liti limalowa m'bwalo poyamba? Nyimbo ndi gule wa ingoma sizinafe, zinkamveka m'midzi pa maliro ndi pa zisangalalo, koma mwambo wonse wathunthu unali m'mitu ya nkhalamba zimene zinaumva kwa nkhalamba zinzawo. Ndiye pa Mtenguleni, pamene mwambowu umachitikira, tsiku loyamba lija, kodi panalibe gogo wina amene anapukusa mutu n'kunena kuti si mmene zinalili? Ngati analipo, anamumvera ndani? Ngati panalibe, ndiye kuti zonse zinali ndendende, kapena wotsutsa ndiye anali atatha?

Lero Loweruka lomaliza la Febuluwale msewu wa ku Mtenguleni umadzaza, ndipo palibe amene amanena kuti akupita kukaona chinthu chobwerezedwa. Timangoti tikupita ku Nc'wala. Pali matenti, zokuzira mawu, zitenje zosindikizidwa, zikwangwani za makampani, nduna za boma pamipando yakutsogolo. Nsingo akanazizindikira zimenezi? Nyimbo zambiri za ingoma zili m'chiyankhulo chakale chimene makolo anachoka nacho kumwera asanaoloke Zambezi mu 1835, ndipo ambiri amene amaziyimba ndi mtima wonse sachiyankhula kunyumba. Ana athu nawonso amayimba nyimbo za Chizulu za mu Sarafina osadziwa tanthauzo la liwu lililonse, ndipo ife timawaseka. Chifukwa chiyani mwana timamuseka, koma bambo wovala chikopa cha nyama timamuyimbira nthungululu? Kumva nyimbo n'kutani? Ndi khutu, kapena ndi phazi limene likuponda pansi mpaka fumbi kobo?

Ku Katete nkhani ndi yomweyo. Kulamba kunaletsedwa ndi atsamunda mu 1934, ndipo Kalonga Gawa Undi anakubwezeretsa mu 1984. Tsopano mu Ogasiti mafumu a Achewa ochokera ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana pa Mkaika, gule n'kutuluka. Za kudambwe sindinena, ine ndimangoonera patali ngati aliyense. Koma chimene maso aona pabwalo ndi chakuti zilombo zina ndi zakalekale, zina zinabwera ndi amishoni monga Maliya ndi Simoni, zina zinabwera ndi galimoto, ndipo zina zimatulukira chaka chomwecho kudzanyoza khalidwe limene langofika kumene m'mudzi. Palibe amene amaima n'kufuula kuti gule wa chaka chino wasiyana ndi wa 1934. Mu 2005 a UNESCO analengeza kuti Gule Wamkulu ndi chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, choyenera kusungidwa. Zikomo kwambiri. Koma asunga uti, wa chaka chimenecho? Chinthu chimene moyo wake ndi kusintha, ukachisunga kuti chisasinthe, wachisunga kapena wachipha?

Mwina inu mukuti ndikusokoneza mwambo ndi sewero. Mwina. Koma apa pali nyimbo, apo pali nyimbo. Apa pali zovala, kuvina, nkhani ya makolo amene anamenyedwa ndi mfuti, ndi anthu oonerera amene amabwerera kwawo akukangana. Apo chimodzimodzi. Kusiyana kumene ine ndikuona ndi tikiti ndi denga. Kodi denga ndilo limasandutsa gule kukhala luso loyenera akatswiri? Mvula ikagwa pa Mtenguleni, luso limasungunuka?

Akatswiri ena amati sewero lodzutsidwa liyenera kukhala lokhulupirika kwa loyamba. Ena amati liyenera kulankhula kwa anthu a lero. Kawirikawiri ndi munthu mmodzi yemweyo amene amanena ziwirizi, m'ndime imodzi. Likafanana ndi lakale amati palibe chatsopano. Likasiyana amati aliwononga. Ine ndimangoganiza za mkute. Ukauwotcha m'mawa ena amati wakoma kuposa dzulo, ena amati nsima ndi ya pamoto basi, koma sindinamvepo munthu akudandaula kuti mkute sukufanana ndi nsima ya dzulo komanso kuti ukufanana nayo kwambiri. Wokonza sewero achite chiyani kuti onse akhute? Kapena kukanganako ndiye chimene anthu amalipirira pakhomo?

Tsopano funso limene likundisowetsa tulo. M'zaka za m'ma 1970 ophunzira a pa University of Zambia anali ndi gulu la zisudzo la Chikwakwa, limene linkayenda m'zigawo kukasewera pabwalo, m'ziyankhulo za anthu, ndi ng'oma ndi nyimbo. Kabwe Kasoma analemba Black Mamba, sewero la Kaunda ndi nkhondo yomenyera ufulu. Masautso Phiri ndi gulu la Tikwiza anaika nkhani ya Soweto pa siteji ku Lusaka zaka zingapo Sarafina asanabadwe. Inu munazionapo? Ana anu anazimvapo? Amadziwa kuvina kwa Leleti mpaka kaponyedwe ka dzanja, koma dzina la Kasoma mukawafunsa amayesa ndi wosewera mpira. Kodi masewero amenewa ndiwo anafadi? Kapena kufa kwa sewero ndi kusowa tepi?

Tiyerekeze kuti mphunzitsi wina pa Chizongwe kapena pa St. Monica's wapeza buku la Black Mamba, wasonkhanitsa ana, wawonjezera nyimbo ndi ng'oma, waitana tauni yonse kudzera pa Breeze FM. Tabwera, ena pa njinga, ena wapansi, holo yadzaza. Ana ayamba. Ndani adzanong'one kumbuyo kuti si mmene zinalili zoyamba? Popanda wonong'ona ameneyo, tidzadziwa bwanji ngati zakoma? Tidzakhulupirira maso athu? Kapena tidzakhala chete, manja m'thumba, mpaka a ku New York ataliona kaye n'kutiuza kuti tiombe m'manja?