Chikho chimene ndinathirira amalume

Pampingo pathu ntchito yokagula zakumwa za Mgonero wa Ambuye imagwera dikoni wamng'ono, amene miyendo yake ikadali ndi mphamvu yopalasa njinga kuchoka kwathu kwa Mwase mpaka ku boma la Lundazi. Mu Okutobala wapitayu dikoni ameneyo ndinali ine. Ndikulemba chifukwa nkhaniyi yayenda kale m'midzi, ndipo poyendapo yasanduka ina. Ena akuti ndinagula mowa mwadala, ena akuti amalume anga anali asanatembenuke mtima n'kale lomwe. Zonsezi n'zabodza. Cholakwa chilipo ndithu, ndipo n'changa.

Mpingo wathu ndi mphukira ya Livingstonia. Amishoni a ku Scotland ankabwera kuno kuchokera ku Embangweni, kutsidya kwa malire a Malawi, ndipo mu 1922 anatsegula mishoni ya Chasefu. Sinodi ya Zambia ya CCAP inabadwira konkuno ku Lundazi mu 1984. Mwa zimene makolo athu m'chikhulupiriro anatisiyira muli kukana mowa. Mkhristu akapezeka akumwa kapena akufulula, seshoni, bwalo la akulu a mpingo, imamuimika pa Mgonero kufikira ataonetsa kuti waleka. N'chifukwa chake patebulo pathu sipafika choledzeretsa. M'timakapu timathiramo madzi a mphesa a m'mapaketi, ndipo aliyense wonyamula khadi la Mgonero amadziwa kuti akamwa zimenezo.

Amalume, mlongo wawo wa amayi, anaimikidwa ine ndili mwana. Anali mlimi wa thonje wakhama, koma ndalama ikangolowa m'thumba inkathera kwa otcheza kachasu. Akazi awo anapirira zambiri. Atadwala kwambiri chaka china, analumbira kuti sadzalawanso, ndipo anasungadi lumbirolo. Akulu a mpingo sanafulumire. Anawayang'ana nyengo ya kukolola, pamene ndalama imayesa munthu, anawayang'ana pa maukwati ndi pa maliro, kenaka seshoni inagwirizana kuti pa Mgonero wa mu Okutobala abwerere patebulo. Amayi anasunga tambala wa tsikulo.

Lachinayi msungichuma anandiwerengera ndalama. Ku boma ndinagula mapaketi, ndinawamanga pakaliyala ndi mphira, n'kuyamba ulendo wobwerera dzuwa litapendeka pang'ono. Pali malo ena potsikira kudambo pamene mwezi umenewu mchenga umakhala wambiri. Ndinatsetsereka mothamanga, kutsogolo kunatulukira ngolo, ndinapotoza chiwongolero, tayala linamira mumchenga, ndipo njinga inagwa n'kutsamira katundu yense. Podzuka ndinaona madzi ofiira akuyenda pansi. Mapaketi ena anali ataphulika, ena ataboboka ndi pedulo, ndipo onse anali kudontha.

Pafupi panali mayi wina akuchokera kumunda.

"Amayi, ndithandizeni chigubu, zinthu za tchalitchi zikutayika!"

"Pepani bambo, chilipo n'chimodzi, munali thobwa la aganyu. Dikirani ndikatsukuluze kuchitsime."

"Iyayi amayi, musavutike, pofika kuchitsime zikhala zatha izi."

Ndalemba mawu awo monga anayankhulira kuti pasakhale wowanena. Iwo anafuna kutsuka, wokana ndinali ine. Ndinakhuthulira zonse zotsala m'chigubu muja, pansi pake pali masese a chimera.

Kunyumba ndinaona kuti zachepa, sizikwanira anthu onse. Pa Mgonero pamabwera akhristu a m'timatchalitchi ta kumidzi, ena oyenda wapansi kuyambira mbandakucha. Ndalama ina ndinalibe, ndipo kubwerera kwa msungichuma kukanena kuti chopereka cha anthu ndathira mumchenga kunandikulira. Ndinawonjezera madzi. Nditalawa ndinamva kuti zasukuluka, ndiye ndinathira shuga. Ndinatseka chigubu mwamphamvu, n'kukachiika m'kachipinda ka kuseri kwa guwa, pansi pa malata, mwezi umene dzuwa la kuno limaotcha ngakhale mumthunzi.

Sindinganame kuti sindinkadziwa. Mwana aliyense wa kumudzi amadziwa kuti thobwa likagona masiku limasasa n'kusanduka mowa. M'masese mumakhala yisiti, imene imadya shuga n'kutulutsa mowa ndi mpweya, ndipo kukatentha imagwira ntchito msanga. Ine ndinaipatsa zonse zimene imafuna. Koma maganizo anga anali pa kubisa ngozi ya panjira, moti Loweruka pa mapemphero a chikonzekero ndinadutsa pakhomo la kachipindako osalowamo.

Lamulungu m'mawa ndinapeza chigubu chitafufuma. Nditapotokola chitsekerero chinalira kuti fwii, thovu n'kukwera mpaka pakamwa. Fungo lake silinali lofunsa. Nthawi imeneyo abusa ndi akulu a mpingo anali akupemphera kuseri kwa khoma lomwelo, ndipo mawu awo ndinkawamva. Pakhomo pawo panali pafupi kwambiri. Ndikanagogoda, akanaona chochita, kaya kuimitsa Mgonero mpaka sabata ina, kaya kutuma wa njinga yamoto. Ndinaganiza za anthu amene anali atadzaza kale mabenchi, za manyazi, za ndalama zoti ndibweze. Za amalume sindinaganize, ndipo ichi ndicho chimandisowetsa tulo. Ndinachotsa thovu ndi supuni, ndinawonjezeranso madzi ndi shuga, ndinayamba kuthira m'timakapu.

Mayi wina wa Umanyano, gulu la amayi a mpingo, anali kuduladula mkate pambali panga.

"A dikoni, kodi chikununkha muno n'chiyani?"

"Ndi mtundu wina amayi, umene tinazolowera uja unatha ku boma."

Anandiyang'ana, osanenanso kanthu. Mpaka pamenepo inali ngozi ndi mantha. Apa ndinanama, m'nyumba ya Mulungu, mkate uli patebulo.

Abusa anawerenga 1 Akorinto 11, pamene Paulo akudzudzula mpingo wa ku Korinto kuti posonkhana pa mgonero ena ankaledzera anzawo ali ndi njala, ndiponso akuuza munthu aliyense kuti ayambe wadziyesa asanadye mkate ndi kumwera chikho. Ndime imeneyi ndaimva kuyambira ndili m'kalasi la ubatizo, koma tsikulo thukuta linandiyenderera kumsana. Ndinapereka mathireyi kwa akulu, iwo n'kumayenda nawo m'mizere. Amalume anakhala kutsogolo, atavala jekete yobwereka kwa bambo anga. Anatenga kakapu, anakafikitsa pakamwa, n'kuima. Mphuno ya munthu amene wakhala zaka m'matchezo siinamizika. Anacheuka. Anthu onse anali atawerama, kupatula amayi anga kumbali ya azimayi, amene maso awo anali pa mlongo wawo, misozi ili m'masaya. Akanabweza bwanji chikho pa tsiku limene mudzi wonse unabwera kudzaona akulandira? Anamwa.

Potuluka anthu ankanong'onezana. Agogo ena anati vinyo wa lero ngolusa. Kunyumba tambala uja anaphedwa, koma amalume anangonyema nsima pang'ono n'kutsazika. Lachiwiri madzulo anyamata anawapeza atagona m'mbali mwa njira yochokera kumatchezo.

M'mawa mwake ndinapita kwa abusa n'kunena zonse, kuyambira pamchenga mpaka pa bodza lija. Anakhala chete nthawi yaitali.

"A dikoni, safunsa adadya phula. Mayi aliyense wa m'mudzi mwanu akanakuuzani kuti muwiritse pamoto tsiku lomwelo."

Anandifotokozera kuti madzi a mphesa osasasa amene mipingo ngati yathu imagwiritsa ntchito anatchuka mwa njira yomweyo. Mu 1869 dokotala wa mano wa mpingo wa Methodist, Thomas Welch, wa ku Vineland m'chigawo cha New Jersey ku America, anatenthetsa madzi a mphesa potsata nzeru ya Louis Pasteur kuti yisiti ife, pofuna kuti pa Mgonero pasakhale choledzeretsa. Moto wa pamafuwa ukanandipulumutsa.

Pamenepo mtima wanga unafunabe pothawira. Ndinati, "Koma abusa, kodi Ambuye sanamwe vinyo weniweni?" Sanakane. Anati Ayuda kufikira lero amadalitsa chikho cha vinyo Lachisanu madzulo polandira Sabata, ndipo pa chakudya cha Paskha amamwa zikho zinayi. Mateyu, Maliko ndi Luka amasonyeza kuti Mgonero unayambira pa chakudya cha Paskha. Ku Kana Yesu anasandutsa madzi kukhala vinyo. Anzathu a Katolika ku Lumezi amachita Misa ndi vinyo weniweni wosakaniza ndi timadzi pang'ono, ndipo lamulo lawo limanena kuti akhale wa mphesa zenizeni, wosawonongeka. Koma Baibulo lomwelo, anatero, limaletsa ansembe kumwa vinyo polowa m'chihema pa Levitiko 10, ndipo pa Numeri 6 Mnaziri saloledwa ngakhale kudya mphesa. Kenaka anandiuza chimene sindinkachidziwa: wansembe wa Katolika amene ali ndi vuto la mowa, bishopu wake atha kumulola kuchita Misa ndi madzi a mphesa amene aletsedwa kusasa, ndipo mabanja ambiri a Chiyuda amadalitsa Sabata ndi madzi a mphesa pakakhala ana kapena munthu amene sayenera kumwa.

"Mwaona, a dikoni? Amene amamwa vinyo weniweniwo amamuganizira wofooka. Inu munali ndi wofooka wa m'nyumba mwanu."

Kuyambira tsikulo ndasiya kutsutsana ndi anzanga a Katolika za amene akulondola pa nkhani ya vinyo. Mkatolika amadziwa chimene chili m'chikho cha paguwa lake. Myuda amadziwa chimene bambo wa m'nyumba wathira. Anthu athu anauzidwa china n'kupatsidwa china, ndipo anamwa atatsinzina chifukwa chokhulupirira amene anathira. Kwa ambiri a iwo kakapu kaja sikanachite kanthu, mowa wake unali wochepa. Kwa munthu amene wamenyana ndi kachasu, kuchepa kwake si kanthu. Fungo lokha limadzutsa zimene zinagona.

Kwa amalume ndinapita madzulo a tsiku lomwelo. Ndinawapeza pakhonde, maso ali ofiira. Ndinagwada n'kuwauza kuti chigubu chija ndinachiona chikuchita thovu, ndipo ndinathira ndikudziwa.

"Mphwanga, ndiwe unathira?"

"Ndine, amalume."

"Ine ndimayesa kuti ndi Mulungu wandikana. Ndinati ngati ndi patebulo pake pomwe ndaupezanso, ndiye kothawira kulibe."

Mawu amenewa ndi amene anandiswa mtima koposa chilango chilichonse. Masiku onsewo munthu ankadziyesa wotayidwa kumwamba, chikhalirecho wolakwa anali mwana wa mlongo wake amene anaopa kugogoda pachitseko. Sindikunena kuti mwendo wawo wopita kumatchezo ndinaunyamula ndine, iwonso sanena choncho. Koma amene anatsegula njira ndikumudziwa.

Pa seshoni ndinaimirira n'kubwereza zonse pamaso pa akulu. Ndinapepesa kwa mayi wa Umanyano uja. Anagamula kuti ndibweze ndalama za mapaketi, ndisiye kaye udikoni, ndiponso ndiime pa Mgonero chifukwa cha bodza. Chigamulocho n'cholungama ndipo sindinadandaule. Chimodzi chokha ndinapempha, kuti mlandu wa amalume auone pamodzi ndi wanga, asawatenge ngati munthu amene anangobwerera ku mowa mwa yekha. Akulu anakambirana kwa nthawi yaitali, ena akuti lamulo ndi lamulo, ena akuti mpingo sungalange munthu pa chimene chinayambira patebulo pake. Pomaliza sanawalembe m'buku la oimikidwa. Anasankha akulu awiri oti aziwayendera, ndipo anakhazikitsa kuti kuyambira tsopano mapaketi azifika otseka, azitsegulidwa Lamulungu m'mawa pamaso pa akulu, ndipo lililonse loboboka lizitayidwa.

Chigubu ndinakabweza kwa mwini wake nditachitsuka. Ndalama ndikubweza pang'onopang'ono kuchokera pa mtedza umene ndinasunga.

Amalume sanamwenso kuyambira sabata imene ija, koma akuti patebulo sanakonzeke kubwererapo, ndipo palibe akuwakakamiza. Akulu awiri aja amawayendera Lachitatu, ine ndimatsagana nawo. Tagwirizana kuti mvula ikagwa ndikawathandiza kubzala thonje, ndipo ndalama yake chaka chino akailandira ndi akazi awo.