Chipondamthengo cha makaniko

Pa Bangula pali mawu amene amaonditsa amakaniko kuposa malungo: "Tangoiyang'anani." Mwini galimoto amawanena ataima pamthunzi, chala chikuloza boneti. Koma kuyang'ana kwake n'kogona chagada pamchenga wa mu Okutobala, mchenga woti ungakazingirepo mtedza, oyilo wamoto akukudonthera m'khutu. Ukatuluka kunsiko n'kutchula ndalama, munthu amatong'ola maso ngati wamuuza kuti asiye mkazi wake chikole.

Bambo wina woyendetsa Sienta pakati pa Nsanje Boma ndi Nchalo anaima pagalaja ina m'mbali mwa msewu wa M1. Galimoto inkalira gudugudu ikaponda kabampu. Makaniko anaikweza pa jeke, nachotsa matayala akutsogolo, kugwedeza apa, kugogoda apo. Patatha maola awiri anati, "Mbuya, mabushi atha. Yoyang'ana ndi K5,000."

"Mwakonzapo chiyani? Phokoso lija latha?"

"Silinathe. Koma munabwera musakudziwa, mukupita mukudziwa."

"Nkhabe! Maso sagulitsa."

Anakagula mabushi, mlamu wake n'kumuikira. Mwezi usanathe Sienta inayamba kuwira ngati mphika wa kachasu, ndipo anatulukiranso pagalaja pomwe paja. Makaniko anasuzumira, napukusa mutu. "Vuto ndaliona."

"N'chiyani?"

"Lili m'masomu, Mbuya. Paja munati sagulitsa."

*

Anthu omwewa kwa sing'anga sanenerera. Asanakhudze nsupa, asanapite kutchire kukakumba muzu, chipondamthengo chimakhala chagwa kale m'mbale, ndipo sindinamvepo wofunsa kuti, "Mwachizapo chiyani?"

Mkulu wina wa geni ya mbuzi anali ndi Probox imene inkazima pamalo amodzimodzi, moyang'anana ndi nyumba ya mkazi amene anamusiya. Ikangofika pamenepo, zii. Mayiyo ankangosesa pakhomo pake, osalankhula. Mkuluyo anathamangira kwa sing'anga, napereka K10,000 ndi tambala wakuda. Ula unatchula mayi uja, matayala anasambitsidwa mankhwala, koma mawa lake Probox inazima pomwe paja.

Makaniko amene anamupeza pomaliza anati akwere limodzi akaone. Pamalopo panali dzenje. Galimoto ikagweramo, waya wa pabatire wokhwepa unkadumpha. Sipanala ya 10, kupotokola kawiri, basi.

"K3,000, madala."

"K3,000 kanati kamodzi?"

"Kanatiko ndamanga ulere. K3,000 ndi yochotsa mlandu pa mayi aja."

Anapereka K1,000, n'kupita kukathokoza sing'anga kuti mankhwala ake amachedwa koma amagwira.

*

Kenako kunabwera kompyuta. Galimoto za ku Japan zimene zimalowa kudzera ku Dar es Salaam ndi ku Beira zili ndi kabowo pansi pa chiwongolero pomwe amalumikizapo kamakina kowerenga matenda. Ku America boma linalamula kuti galimoto zatsopano zikhale nako kuyambira 1996. Kamakinako sikakonza kanthu, kamangolavula nambala yoloza chigawo chimene chikudandaula, ntchito yofufuza n'kutsalira munthu. Koma poti kali ndi galasi lowala ndipo kamati tiii, apa ndiye anthu amapisa m'thumba akumwetulira. Ena amadzijambula nako.

Madala ena a pa Bangula, amene akhala akumvera injini poika sikuludiraiva kukhutu kuyambira nthawi ya Land Rover ndi Peugeot 404, anaona makasitomala akuthawira kwa mnyamata wa kamakina. Anabwereka kakyuleta ya mdzukulu wawo wa Fomu 2, nailumikiza kawaya ndi selotepi. Galimoto ikabwera, kawayako amakakola pa injini, khutu pa sikuludiraiva monga kale, maso pa kakyuleta.

"Kompyuta yati mapulagi."

Amalipidwa kawiri kuposa kale. Kasitomala wina anachita kusilira: "Zimenezi ndiye zenizeni, osati zongoganizira munkachita kale zija." Vuto limabwera nthawi ya mayeso, pamene galaja imatsekedwa chifukwa kompyuta yapita kukalemba masamu.

Namondwe Freddy atadutsa mu Marichi 2023, kagalimoto kena kanagona m'madzi masiku angapo. Mnyamata wa kamakina analumikiza, nambala zinatsika ngati mndandanda wa olandira chimanga. Anati masensa onse afa, agule ena ku Limbe. Madala aja anangotsegula bokosi la fyuluta ya mpweya, natulutsa matope odzaza manja awiri ndi kamlamba kouma. "Sensa yanu ndi iyi. Mukazinga kapena mutsira tomato?"

*

Kotesheni nayo ili ndi mavuto ake. Makaniko amakhala pansi kulemba masipeya onse ndi mitengo yake, kuimbira mafoni ku Limbe ndi mayunitsi ake, kasitomala n'kutenga pepalalo kukaonetsa galaja ina kuti imuchotsereko. Ndiye kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, munthu wina anabwera kwa makaniko wina ndi kotesheni ya mu Seputembala, atainyamula m'Baibulo kuti isakwinyike, akufuna mtengo womwewo.

Kuyambira pamenepo makaniko ameneyo kotesheni amailemba ndi chala pafumbi la galasi lakumbuyo kwa galimoto. Akuti ili ndi ubwino uwiri: sungaionetse galaja ina osapititsako galimoto yakufayo, komanso imatha yokha mphepo ikawomba.

Wa kabaza wina wa ku Makhanga anafika akukankha njinga yamoto yonyowa. Chidulireni madzi msewu ndi njanji mu 1997, kuoloka pa Mtayamoyo n'kwa bwato, ndipo njingayo inali itatsetsereka m'bwatomo. "Tangoiyang'anani, yangozima yokha." Makaniko anaipendeketsa, madzi khuthukhuthu m'paipi ya utsi. "Iyi yoyang'ana sindikulipiritsani, achimwene. Yanena yokha."

*

Ndisaname, amakaniko ena kuyang'ana kwawo n'kwa fisi wolondera mbuzi. Ine ndimavomereza kulipira, bola andiuziretu mtengo sipanala isanakhudze nati, ndipo ndikakonzetsa pompo ndalamayo ilowe mu ya ntchito. Zimenezi ndinaziphunzira ndi thumba langa.

Kagalimoto kanga kanazima ndikuchokera ku Ngabu. Tinakakankhira pagalaja ina imene sinditchula. Ndinalipira yoyang'ana osanenerera, poti ndine munthu wophunzira. Anati ndi pampu ya mafuta. Ndinakwera minibasi, kudutsa pa Thabwa, kukwera mapiri aja mpaka ku Limbe, n'kubwera nayo. Sinalire. Anati ndiye kuti ndi makoyilo, yoyang'ananso ina. Sinalire. Sabata yachitatu ndinapeza theka la injini lili m'beseni losambira, nkhuku ya mkazi wake itaikira mazira pampando wanga.

Kamnyamata kotsuka masipanala, koti sikanamere n'ndevu zomwe, ndiko kanagogoda thanki n'kumva kulira ngati chigubu. Geji inali itafa ikuloza pakati. Mafuta munalibe ndi dontho lomwe.

Makaniko sanachite manyazi. "Bwana, tsiku loyamba lomwe ndinati vuto lili kumbali ya mafuta."

Ndinagula malita asanu, injini anaibwezera, inalira kamodzi n'kamodzi. Ndikuti ndikwere, mayi a pakhomopo anandigwira mkono.

"Pepani bambo, mubwere Lachinayi. Yayamba kufungatira."